Wokonza Mawailesi wa ku Chibavi Amene Analephera Morse Katatu

Ku Chibavi, ukapitirira chigayo n'kukhotera kumanzere, pali nyumba ya njerwa zootcha imene kuseri kwake anazika mitengo iwiri ya bulugamu yaitali kuposa denga. Pakati pa mitengoyo pali waya. Alendo amayesa ndi chingwe choyanikapo zovala chimene mwini wake anachikweza mopyola muyeso. Mwini nyumbayo ndi a Shadrick Mhone, okonza mawailesi, ndipo wayayo ndi mlongoti umene amachezera ndi anthu a kumayiko ena.

Ine ndine Glory, mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale mumzinda muno. Kwathu ndi ku Dedza, kuno ndinabwera ndi ntchito. A Mhone ndinawadziwa m'chaka cha 2018, chokuzira mawu cha pasukulu pathu chitafa kutatsala masiku awiri kuti makolo abwere ku msonkhano. Ndinawapeza pakhonde, atavala juzi ziwiri chifukwa cha kuzizira kwa mwezi wa Juni, akuwotcherera tinthu m'mimba mwa wailesi.

"Monire adada," ndinatero, poti moni wa Chitumbuka ndinali nditaphunzira.

"Ye-ye-yewo, asambizgi," anayankha.

Asambizgi ndiye kuti aphunzitsi, ndipo mpaka lero amanditchula choncho. A Mhone ali ndi chibwibwi chachikulu. Pankhani ino sindilemba mawu awo monga amatulukira, chifukwa tingachedwe, koma owerenga adziwe kuti chiganizo chilichonse amachita kulimbana nacho.

Anabadwa m'chaka cha 1961 chakufupi ndi Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Bambo awo anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, munthu amene ankafuna kuti ana ake onse asanu ndi awiri afike patali ndi sukulu. Enawo anafikadi. Shadrick masamu ankakhoza, koma ikafika nthawi yowerenga mokweza m'kalasi ankakakamira pa liwu limodzi mpaka anzake kugwa ndi phwete. Atamaliza Fomu 2 anauza bambo ake kuti zakwana. Anakwera basi kubwera ku Mzuzu kwa amalume ake, amene ankakonza mawailesi ndi mawotchi pafupi ndi msika. Ntchitoyo inamuyanja. Munthu amabwera ndi wailesi yakufa, amafotokoza yekha vuto lake, iwe n'kungogwedeza mutu.

Zinthu zinasintha mu 1993. Mzungu wina amene ankagwira ntchito za nkhalango ku Chikangawa anabweretsa wailesi yachilendo, yolemera, ya mabatani ambiri, yokhala ndi maikolofoni. A Mhone anaikonza m'masiku atatu ngakhale sanadziwe bwinobwino ntchito yake. Mwini wake atabwera anati aiyese limodzi. Anaponya waya pamtengo wa mapeyala, natembenuza batani, naitana m'Chingerezi. Patapita kanthawi munthu anayankha kuchokera ku Nairobi, wina kuchokera ku Italy. Panalibe lamya, panalibe wailesi ya boma pakati, anthu wamba okhaokha akucheza kudzera mumlengalenga. A Mhone amati tsiku limenelo chakudya chamasana anachiiwala.

Chaka chotsatira mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira wailesiyo, nawachenjeza kuti kumvetsera ndi kwaulere koma kulankhula kumafuna chiphaso. Masiku amenewo, padziko lonse, wofuna chiphaso cholankhulira kutali ankayenera kudziwa Morse. Morse ndi njira yotumizira zilembo ndi kulira kwa mitundu iwiri kokha, kwakufupi ndi kwakutali. A ndi di-daa, K ndi daa-di-daa, choncho mpaka alifabeti yonse ndi manambala. Wotumiza amagogoda kachitsulo kotchedwa kiyi, wolandira amamvetsera n'kumalemba. Pamayeso ankafuna mawu khumi ndi awiri pa mphindi.

A Mhone anakopera tchati cha madontho ndi mizere m'buku, nachimata pakhoma pamwamba pa tebulo lawo. Anachiloweza chonse pasanathe mwezi. Mu 1995 anakwera basi ya ku Blantyre, ulendo wa tsiku lathunthu, nafikira kwa mlamu wawo ku Ndirande. Pepala la zamagetsi analikhoza mosavuta. Kenako anawakhazika pampando, kuwaveka mahedifoni, woyesayo n'kuyamba kugogoda.

"Mzere woyamba ndinalemba bwino," anandiuza. "Kenako chilembo chimodzi chinandiphonya. Ndinaima kuti ndichiganize. Pamene ndimachipeza, zisanu zinali zitadutsa. Ndikuthamangira zisanuzo, zina khumi zadutsa."

Anabwerera ku Mzuzu, nayesanso mu 1996, zomwezo. Kachitatu, mu 1998, anafika pakati pa mayeso n'kuika pensulo pansi, kuvula mahedifoni, kuthokoza woyesayo ndi kutuluka. Woyesayo anali munthu wabwino, anawatsatira panja n'kuwauza kuti ayesenso chaka chamawa. Iwo sanapitenso.

Akazi awo, amayi Catherine, ndi munthu wosabisa mawu. Dzina la Morse amalitchula kuti Mose, ngati wa m'Baibulo. Ataona amuna awo akulowa pakhomo ndi nkhope yomwe ija, anawalandira chikwama n'kunena kuti, "Ada Mhone, Mose wanuyu ndaona kuti sakulowetsani m'Kenani. Musiyeni, ana akufuna bambo wawo."

Anamusiyadi. Wailesi ija inakhala pashelefu, ndipo Lamlungu masana akabwera kutchalitchi ankaiyatsa n'kumamvetsera anthu ena akucheza. Maikolofoni anaikulunga m'kansalu, naiika m'dirowa kuti isawayese. Zinakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi. Ana anakula, nyumba ya ku Chibavi inamangidwa, madzi a mvula analowa m'nyumbamo kawiri, mawailesi a kaseti anatha, anayamba kukonza ma TV ndi mafoni.

Mu 2003 mayiko anagwirizana kuti Morse isakhalenso yokakamiza, dziko lililonse lizisankha lokha. A Mhone nkhaniyi anaimva mochedwa kwambiri, m'magazini akale amene munthu wina anawabweretsera. Analemba makalata, nadikira, nalembanso. Mu 2009 analandira chiphaso chawo popanda wowafunsa za di ndi daa. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Ndi pamene anagula mitengo iwiri ya bulugamu ija.

Tsiku loyamba kulankhula linali Loweruka masana. Anatulutsa maikolofoni m'kansalu, natchula dzina lawo la pawailesi, limene limayamba ndi 7Q monga onse a ku Malawi. Kuno anthu a mawailesi oterewa ndi ochepa kwambiri, ndiye akunja akamva 7Q amakhamukira ngati anthu a pa depoti basi ikafika. Mawu makumi angapo anaitana nthawi imodzi. A Mhone anasankha mmodzi, munthu wa ku Germany, amene anafunsa dzina lawo. Apo ndi pamene panavuta. Lilime linakakamira pa chiyambi cha Shadrick ndipo linakana kusuntha. Mjeremaniyo anadikira pang'ono, nati mwina wailesi yawo ili ndi vuto. Ena anayamba kukuwa kuti apatse mpata anzake. A Mhone anazimitsa, natuluka panja kukayang'ana nkhuku.

Anayesabe kwa miyezi ingapo. Analemba papepala zoti azinena, anasintha dzina kukhala Shad, koma akangomva khamu likudikira chibwibwi chinkabweranso. Amayi Catherine amati nthawi imeneyo amuna awo anaonda kuposa nthawi ya mayeso.

Njira anaipeza ndi amayi Catherine omwewo. M'gulu lawo la amayi a kutchalitchi, la Umanyano, munali mayi wina wachikulire wa ku Masasa, amama Lettie Nyasulu, amene chala chake sichikhala chete. Pamaliro, pamsonkhano, ngakhale ulaliki uli mkati, chimangogogoda pabenchi. Tsiku lina amayi Catherine anawafunsa ngati ndi matenda. Amama Lettie anaseka. Anati ali mtsikana anagwira ntchito yotumiza matelegalamu ku positi, ndipo chala chinazolowera kulemba chilichonse chimene khutu lamva. Ulaliki wonse wa abusa ankaulemba pabenchipo.

Amayi Catherine atafika kunyumba anati, "Ndakupezerani mlongo wake wa Mose."

A Mhone anakana kwa milungu iwiri, kenako anapita. Nyumba ya amama Lettie ili pamwamba pa chitunda, kumene njinga ya kabaza imakutsitsa m'munsi n'kukuuza kuti kotsalako uyende wekha. Anawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anatulutsa tchati chawo chija, chachikasu ndi ukalamba, kuti aonetse kuti zilembo amazidziwa kale.

Amama Lettie anachiyang'ana kamodzi, nachipinda, nachikhalira.

"Ichi ndicho chinakulepheretsani, adada. Inu mukumva kulira, mukuwerenga madontho, mukuthamangira kukhoma kukafuna chilembo, ndiye mubwerere kudzalemba. Ulendo wonsewo? Mwana wanu akakuitanani kuti adada, mumayamba mwawerenga zilembo zake?"

"Yayi."

"Ndiye tsekani maso. Daa-di-daa. Ameneyo ndi K. Musawerenge, ingomumvani. Daa-daa. Ameneyo ndi M. Lero tikhala ndi awiri omwewa."

Analibe kiyi, ankangoimba ndi pakamwa, manja ali m'nyemba. Ndipo sankaimba pang'onopang'ono ayi. Chilembo chilichonse ankachitulutsa mwaliwiro kuyambira tsiku loyamba, n'kusiya mpata wautali chisanabwere china, kuti munthu asapeze nthawi yowerenga madontho. A Mhone akaphonya n'kuima kuti aganize, amama Lettie ankamenya lichero. "Chapita chimenecho, chilekeni! Gwirani chikubwerachi."

A Mhone ankapita Lachiwiri ndi Lachisanu masana, kutseka ntchito kwa maola awiri. Chovuta chinali kuiwala tchati, pakuti chinali chitakhazikika m'mutu kwa zaka zambiri. Mwezi wachinayi anafuna kusiya. Mwezi wachisanu ndi chimodzi, akuyenda mumsewu, anamva hutala ya minibasi n'kuzindikira kuti dalaivala, mosadziwa, walemba chilembo U. Anaima pakati pa anthu n'kuyamba kuseka okha. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu amama Lettie anawabwezera tchati chawo n'kuwauza kuti akayatsire mbaula.

Kiyi a Mhone anapanga okha ndi chidutswa cha sowo yodulira zitsulo, thabwa ndi chitsekero cha botolo la mankhwala. M'mawa wina wa mu Ogasiti 2011 anagogoda kuitana aliyense amene akumva. Anayankha munthu wa ku Brazil. A Mhone anatumiza dzina lawo lonse, Shadrick, zilembo zisanu ndi zitatu, osakakamira paliponse. Anauza munthuyo kuti ali ku Mzuzu, kukuzizira, kunja kuli nkhungu. Anacheza mphindi makumi awiri. Amati atamaliza anakhala akuyang'ana dzanja lawo.

"Dzanja lilibe chibwibwi, asambizgi," anandiuza. "Ine sindinkadziwa."

Kuyambira pamenepo maikolofoni sanaigwirenso. Lero amalandira mawu oposa makumi awiri pa mphindi, osalemba n'komwe, amangomvetsera ngati munthu akumva nkhani za pawailesi.

Mumzinda muno muli kagulu ka anthu okonda mawailesi oterewa. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi m'chipinda cha Sande sukulu pa tchalitchi china ku Chiputula. Wapampando wathu ndi a Rodney Gondwe, amene anapuma pantchito ya mawailesi a pabwalo la ndege, munthu wa tayi ngakhale Loweruka. Iwo Morse anaiphunzira ali mnyamata ndipo mayeso anakhoza ulendo umodzi. Ine ndinayamba kupita kumeneko chifukwa cha a Mhone, ndipo mu 2022 ndinali kukonzekera kufunsira chiphaso changa, pamodzi ndi Vitumbiko, mayi amene amaika magetsi a sola m'nyumba za anthu.

Pamsonkhano wa mwezi wa Meyi chaka chimenecho a Gondwe anabwera ndi pepala lotayipa. Anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, gulu lisalandire membala amene sanakhoze Morse pamaso pa akuluakulu a gululo. Chachiwiri, tilembere kalata oyang'anira za mawailesi m'dziko muno kuwapempha kuti Morse ikhale mbali ya mayeso a chiphaso.

Zifukwa zawo sizinali zopusa. Anati mvula yamkuntho ikagwetsa mapolo, magetsi n'kuzima, mafoni n'kusiya kugwira, Morse imadutsa ndi batire ya njinga yamoto pomwe mawu sangamveke. Anati wailesi ya Morse munthu angathe kuipanga yekha ndi zipangizo za m'mawailesi akufa, chinthu chofunika m'dziko losauka. Anatinso munthu amene wavutikira chiphaso amachilemekeza, salankhula zachibwana pamphepo. "Masiku ano munthu akungogula wailesi ngati akugula foni," anatero, osayang'ana kumene tinakhala ine ndi Vitumbiko. "Tikapanda kuumiriza, ife tikafa luso limeneli lifera limodzi nafe."

Vitumbiko anayankha kuti iye ali ndi ana atatu ndi ntchito, miyezi isanu ndi itatu yoimba di-daa aitenga kuti. A Gondwe anati amene akufuna amapeza nthawi. Mawu anayamba kukwera. Ndiye a Gondwe anatembenukira kwa a Mhone, amene pamisonkhano sankalankhula kawirikawiri.

"Ada Mhone, inu ndinu katswiri wathu. Auzeni anthuwa."

Ankayembekezera kuti awathandiza, ndipo tonse tinkaganiza chimodzimodzi. A Mhone anaimirira, nagwira chipewa ndi manja awiri. Zimene ananena zikanatenga mphindi ziwiri kwa munthu wina. Iwo zinawatengera pafupifupi khumi, ndipo palibe anawadula.

"Zonse mwanenazi n'zoona, a Gondwe. Morse imadutsa pomwe mawu akanika. Ine ndilibe china chimene ndimakonda kuposa chimenechi. Koma lamulo mukufunali ndi limene linanditsekera ine panja. Ndinapita ku Blantyre katatu. Ndinkadziwa wailesi kuposa anthu ambiri amene anakhoza, koma ndinakhala zaka khumi ndi zisanu ndikungomvetsera. Morse ili yokakamiza, sindinaiphunzire. Ndinaloweza tchati kuti ndikhoze mayeso, ndipo tchaticho chinandipha. Ndinadzaiphunzira nditalowa kale, nditaona ndekha kuti ndikuifuna. Akanapanda kuchotsa lamulolo, bwenzi lero mulibe katswiri womuloza."

Anapuma, napukuta pakamwa.

"Alowe kaye anthuwa. Akalowa, ine ndiwaphunzitsa, aliyense wofuna, ulere. Koma dzina langa pakalatayo musaikepo."

Tinavota pokweza manja. Mwa anthu asanu ndi anayi amene analipo, atatu anagwirizana ndi a Gondwe, asanu ndi mmodzi anakana. A Gondwe anapinda pepala lawo, natseka msonkhano ndi pemphero lalifupi kwambiri, ndipo misonkhano iwiri yotsatira sanabwere.

Chimene a Mhone sanayembekezere ndi cha amama Lettie. Anakwera ku Masasa kukawafotokozera, akuganiza kuti aphunzitsi awo awayamikira. Amama Lettie, amene tsopano maso anali atayamba kufooka, anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "A Gondwe ndiwo anena zoona. Ife ku positi tinaphunzira chifukwa wolephera ankabwerera kumudzi. Munthu sagwira chinthu chovuta popanda womuumiriza. Inu ndinu mmodzi, adada, musayese anthu onse ali ngati inu. Muona."

Ndipo mbali ina anaonadi. Maphunziro anayamba mu Julayi, pakhonde la ku Chibavi, Loweruka lililonse 2 koloko. Tinayamba anthu asanu ndi atatu. Pofika Okutobala tinatsala atatu, pofika Khirisimasi awiri, ine ndi m'busa wina wopuma amene amabwera makamaka chifukwa cha tiyi wa amayi Catherine. Vitumbiko anasiya titafika pa chilembo chachisanu ndi chinayi. Chiphaso chake anatenga, ndipo wailesi yake anailumikiza ku laputopu, imene imatumiza ndi kulandira mauthenga yokha. M'zaka ziwiri wafikira mayiko ambiri kuposa amene a Mhone afikira m'zaka khumi. Iye ndi amenenso anaika sola pa wailesi ya gulu, moti magetsi akazima ife timapitiriza.

A Gondwe, pamsonkhano wa mu Januwale, anafunsa kuti ophunzira atsala angati. Atamva kuti awiri anangoti, "Mwaona?"

"Ndaona," anatero a Mhone. "Awiri. Kale kunalibe ndi mmodzi yemwe."

Amama Lettie anamwalira chaka chatha, mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Bokosi linatsika chitunda cha Masasa pamapewa chifukwa galimoto inakanika kukwera matope. A Mhone ndi a Gondwe anayenda limodzi kumbuyo, atafunda ambulera imodzi.

Ine ndafika pa mawu khumi pa mphindi, ndipo manambala amandisokonezabe. A Mhone, pa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, akukonzabe mafoni ndi ma TV, ngakhale tinthu ta m'mafoni a masiku ano amati tachepa kwambiri kwa maso awo. Nkhani ya lamulo ija sinathe. Lamlungu lililonse 3 koloko masana a Gondwe amayatsa wailesi yawo ku Chiputula, a Mhone yawo ku Chibavi, mtunda woti munthu angayende wapansi, n'kuyamba kukangana pogogoda Morse. Ndimawamvetsera ndili kunyumba kuti ndizolowere liwiro, ngakhale zambiri zimandidutsa. Mlungu wathawu ndinagwirako mawu a a Gondwe akuti anthu a masiku ano ndi aulesi. Yankho la a Mhone linabwera mothamanga kwambiri moti ndinangotolapo mawu awiri a Chitumbuka, yayi ndi chomene, ndiko kuti ayi ndi kwambiri.